Nsalu Imene Inali Ndalama

Anzanga kuno ku Lilayi amati nsalu za Amwenye zinabwera ndi masitolo a ku Kamwala. Ine ndimati nsaluyo inawatsogolera eni masitolowo ndi zaka mazana.

Amisiri a ku Gujarat ankadinda maluwa pansalu yathonje ndi zidindo zamatabwa, utoto wake wosasuluka msanga. Kampani ya Adatchi, yokhazikitsidwa mu 1602, inapeza kuti kuzilumba za Maluku eni zonunkhiritsa chakudya ankafuna nsalu kuposa siliva. Choncho inkayamba yagula nsalu ku India, n'kukasinthanitsa ndi zonunkhirazo.

Nsalu za ku Gujarat zinakweranso Zambezi. Mu 1686 Apwitikizi anapatsa amalonda a ku Diu chilolezo chapadera chozibweretsa pachilumba cha Mozambique. Kuchoka apo zinkapita ku Tete, pambuyo pake mpaka ku Zumbo ndi Feira, kumene lero timati Luangwa. Kunoko sizinkagula zonunkhira ayi. Zinkagula golide, minyanga ya njovu ndi anthu.

Nsalu zakalezi lero zimatamandidwa chifukwa cha kukongola. Ine funso langa n'lakuti, mwana wa munthu ankagulidwa mikwamba ingati?