Mau akuti "kugwirira" ndi ukwati wa Acewa a ku Chadiza

M'boma la Chadiza, m'maiko a Mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume pansi pa Kalonga Gawa Undi, ambiri amati mau akuti "kugwirira" akhudza mlendo wotsekereza mkazi panjira, osati mwamuna wa m'nyumba. Ife tifuna kuona kumene ganizoli linacokera.

Cinenero ceniceni cisonyeza kusiyana: mwamuna "akwatira", mkazi "akwatiwa". Pa cinamwali, anamkungwi analangiza namwali kuti asamakane mwamuna wake ndiponso asamaulule za m'nyumba. Komabe mwambo sunasiye mkazi yekha. Pa cikamwini mwamuna ndiye anali mlendo pamudzi wa mkazi, ndipo mkazi anali mbumba ya alongo ake. Mwamuna wankhanza anaitanidwa pamaso pa ankhoswe, kapena kupatsidwa katundu wake kuti abwerere kwao.

Lamulo la atsamunda linabwera ndi ganizo lina. Buku la woweruza wa ku England, Matthew Hale, losindikizidwa mu 1736, linaphunzitsa kuti mkazi pokwatiwa wavomera kamodzi kokha, ndipo sangabweze cilolezoco. Malamulo a milandu a Northern Rhodesia a 1931 anatengedwa ku lamulo la Angerezi, ndipo ndime yonena za kugwirira sinachule za mwamuna wogwirira mkazi wake. Milandu ya maukwati a cimwambo inasiyidwa m'mabwalo a mafumu, amene anakhazikitsidwa mwalamulo mu 1929. Motero malangizo a kupirira analimbikitsidwa ndi kukhala cete kwa boma, pamene citetezo ca ankhoswe cinacepa kwa mkazi wotengedwa citengwa kapena wopita ndi mwamuna ku migodi.

Ku England, bwalo la House of Lords linataya ganizo la Hale mu 1991. Ku Zambia, lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011 linanena kuti nkhanza za kugonana zicitika ngakhale pakati pa okwatirana.

Lamulolo linalembedwa m'Cingerezi. Aphunzitsi ndi omasulira a m'makhoti ndife amene tiyenera kulinena m'Cinyanja. Tikamasulira madandaulo a mkazi wa ku Chadiza kuti "nkhani ya m'banja", tacotsa mlandu woweruza asanaumve. Tikati "anamugwirira", tanena cimene cinacitika.