Kupatsa Nkuika: Mbiri ya Ndiwo za Makolo Kuno kwa Mua

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo yathu, lero tikambirane za ndiwo zamasamba zimene zidalera makolo athu m'chigwa chino, kuyambira ku Golomoti kudzera kuno kwa Mua mpaka ku Mtakataka.

Ambiri amaganiza kuti ndiwo iliyonse yakale idayambira kuno. Sizili choncho. Luni, denje, nzama ndi khobwe, amene masamba ake timawatcha chitambe, ndi mbewu za mu Africa muno. Koma maungu otipatsa nkhwani, nyemba zotipatsa khwanya, chinangwa cha chigwada, mbatata ya kholowa, tsabola wa kambuzi, ngakhalenso mtedza wa nsinjiro, zonsezi kwawo nku America. Zidaoloka nyanja ndi Apwitikizi, amene adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo zidafalikira pang'onopang'ono potsata njira za malonda. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pamene ansembe a White Fathers ankatsegula mishoni ya Mua mu 1902, alendowa adali atasanduka kale eni mudzi.

Nanga chidawasandutsa athu nchiyani? Ndi manja a amayi. Mayi ankasankha dzungu lotsekemera koposa nasunga nthanga zake. Khobwe wambewu ankamusakaniza ndi phulusa, kumuika m'chikho ndi kumupachika kutsindwi pamwamba pa moto, kuti utsi upirikitse anankafumbwe. Chaka ndi chaka mbewu zinkazolowera kutentha ndi dothi la kuno. Masamba akachuluka m'dzinja ankawafutsa, kuwayanika ndi kuwamanga m'zikwatu, kuti mfutso udzapulumutse banja m'chilimwe. Pafupi ndi nyumba sipankasowa mpungabwi, umene fungo lake limaingitsa udzudzu.

Nzeru zimenezi adaziona ngakhale akunja. Mayi Jessie Williamson, amene adagwira nawo kafukufuku wa zakudya m'dziko muno kuyambira mu 1938, adasindikiza mu 1955 buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, momwe adalembamo zomera zathu ndi maina ake achikuda. Mu 1992 boma lidakhazikitsa nkhokwe yosungira mitundu ya mbewu ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe.

Komabe buku ndi nkhokwe sizingalowe m'malo mwa dimba. Masiku ano madimba ambiri adzaza repu, kabichi ndi tchayinizi, ndipo ena amati bonongwe ndi chisoso ndi ndiwo za amphawi. Dziwani ichi: mbewu ya haibulidi mukaibwereza sibereka mofanana ndi kholo lake, kotero mlimi amabwerera kusitolo chaka chilichonse. Mbewu ya makolo imadzibwereza yokha, koma nayonso imafa ikakhalitsa m'chikho osadzalidwa. Mtundu wa dzungu umene agogo amodzi okha ndiwo akuusunga ungathe kupita nawo kumanda.

Nchifukwa chake makolo sankamana mnzawo mbewu. Ankati kupatsa nkuika: chiswe kapena chilala zikakuwonongera zako, unkakazipeza kwa amene udampatsa. Tsono dzinja lisanafike, pitani kwa agogo anu mukapemphe nthanga zodzaza dzanja. Mukafunse dzina la mtunduwo ndi kumene iwo adautenga, mukadzale kuseri kwa nyumba, ndipo mukakolola mugawireko anansi anu.