Kodi mwini madzi a Zambezi ndani?

Abale otsogolera makalasi a kuwerenga, funso ili si lacilendo kuno ku Maravia. Limabuka nyanja ya Cahora Bassa ikakwera n'kumiza cimanga ca m'madimba, kapena ikaphwa n'kusiya mabwato pamatope. Tiyeni tilondole mbiri yake, kuti ophunzira akatifunsa tisamangoti "ndi a boma basi".

Kale makolo athu ankalima m'mbali mwa Zambezi potsata nyengo. Madzi akasefukira m'dzinja ankasiya nthaka yaconde, ndipo akabwerera anthu ankabzala madimba. Ogawa malo anali mafumu, koma madzi analibe wogawa.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1959, damu la Kariba litamangidwa kumtunda, pakati pa maiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Mu 1969 Apwitikizi anapangana ndi South Africa zomanga damu lina kwathu kuno, pafupi ndi Songo. Eni nthaka sanafunsidwe. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo anthu zikwi zambiri anasamutsidwa mokakamiza kupita m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, ija ankati aldeamento. Mu Disembala 1974 khoma la mamita 171 linatseka mtsinje. Madimba, manda ndi malo a nsembe zonse zinamira.

Ufulu unabwera mu 1975, koma damu silinabwere nawo. M'kampani ya HCB yoyendetsa damulo, Portugal inali ndi magawo 82 mwa 100, Mozambique 18 okha. Magetsi ambiri ankapita ku South Africa pa mawaya a makilomita 1,400. Mu 2007 ndi pamene Mozambique inatenga magawo 85, italipira madola 700 miliyoni.

Tsono taonani: mtsinje ndi umodzi, ouitanira atatu. Mlimi afuna madzi abwere ndi kubwerera pa nyengo yake. A ku Kariba, kudzera m'bungwe la Zambezi River Authority la mu 1987, afuna kusunga madzi a maiko awo awiri. A magetsi ku Songo afuna makina azungulire caka conse, pakuti ali ndi mapangano ndi ogula. Mvula ikaculuka, monga mu 1978 ndi 2001, zitseko za madamu zimatsegulidwa, olira n'kukhala a kumunsi kwa mtsinje. Kukagwa cilala, monga mu 2024, nyanja zonse ziwiri zimatsika.

Nanga malamulo akuti bwanji? Lamulo la Madzi, nambala 16/91, la mu 1991, likuti madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja ndi cuma ca dziko. Kutunga madzi akumwa, kumwetsa ziweto ndi kuthirira dimba laling'ono popanda makina n'kwaulere, sikufuna cilolezo, ndipo kumayamba patsogolo pa nchito zina zonse. Wofuna kupopa ndi injini, kumanga damu kapena kupanga magetsi ayenera kupempha cilolezo ku boma. Pakati pa maiko palinso pangano la ZAMCOM, limene linasainidwa ku Kasane, Botswana, mu 2004 n'kuyamba kugwira nchito mu 2011, lokhudza maiko 8 omwera mtsinje umenewu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo latipatsa ufulu wotunga madzi, koma tsiku loti madziwo akwere kapena atsike limasankhidwa ndi ogwira zitseko. Kwa wolima dimba, tsikulo ndilo limaweruza pakati pa nkhokwe yodzaza ndi njala. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ifenso tisaiwale kumene madimba athu anali.

Za m'kalasi: pemphani agogo achule maina a midzi ndi madimba amene anamira, ophunzira awalembe pabolodi. Kenaka lembani pamodzi kalata yaifupi yopita ku boma ku Fingoé, yofunsa kuti uthenga wa kukwera kwa nyanja uzifika bwanji m'mudzi mwanu anthu asanabzale.