King's Gambit

King's Gambit ndi njira yakale yoyambira masewera a chess. Imayamba ndi 1.e4 e5 2.f4. Wosewera zoyera amapereka dala pawn imodzi kuti alamulire pakati pa bolodi ndi kuukira msanga. Kuipa kwake n'kwakuti mfumu yake imatsala pambalambanda.

Mbiri

Mu 1851 ku London, Adolf Anderssen anagonjetsa Lionel Kieseritzky ndi njirayi pa masewera otchuka otchedwa Immortal Game. Boris Spassky atagonjetsa nayo Bobby Fischer mu 1960, Fischer analemba nkhani mu 1961 yonena kuti njirayi imalephera masewera akapitirira ndi 2...exf4 3.Nf3 d6.

Mabuku

Buku la Viktor Korchnoi ndi Vladimir Zak, The King's Gambit, linatuluka mu 1974. La Joe Gallagher, Winning with the King's Gambit, limaphunzitsa kudzera m'masewera athunthu, choncho ndi loyenera kuyambirapo. La John Shaw la 2013, la masamba oposa 600, ndi la osewera okhwima.

Mabuku akale amaphunzitsa bwino kuukira, koma analembedwa makompyuta asanakule mphamvu. N'chifukwa chake mayendedwe ena a m'mabukuwa amafunika kuwatsimikizira ndi buku latsopano.