Memori yosaiwala

Akatswiri a kompyuta akamati persistent memory amatanthauza memori imene imasunga zomwe yalandira ngakhale magetsi atathima. Ine ndimaitcha memori yosaiwala.

Kalaliki wa pa boma la Mzimba amene anatayapo kalata ya maliro akuilemba, magetsi atazima mwadzidzidzi, akudziwa kale vuto la memori yoiwala. Kalatayo inali mu RAM, memori yachangu koma yoiwala: magetsi akangothima, zonse zapita. Disiki imasunga, koma imachedwa. Memori yosaiwala imagwirizanitsa ziwirizi, changu ndi kusunga.

Mu 2019 malamulo a zipangizo zosungira zinthu otchedwa NVMe 1.4 analola kuti chipangizo chotere chikhale ndi kachigawo ka memori yosaiwala, kotchedwa PMR. Mu 2020 pulogalamu ya QEMU, yomwe imayendetsa kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yeniyeni, inayamba kutsanzira kachigawoko pogwiritsa ntchito fayilo wamba. Apa ndi pamene pamandisangalatsa kwambiri. Wophunzira wa ku Embangweni kapena ku Jenda atha kuyeserera luso limeneli pa laputopu yake osagula chipangizo chodula, pakuti QEMU ndi yaulere.