Mikisa

Mikisa ndi makina olandira mawu ochokera ku maikolofoni ndi zida zoimbira, n'kuwasakaniza asanapite ku ampulifaya ndi masipika.

Dzinali lidachokera ku Chingerezi. Mikisa imapezeka m'matchalitchi, m'nyumba zoulutsira mawu, m'masitudiyo ndi m'maholo a misonkhano. Ilipo ya analogi ndi ya dijito. Ya dijito imasunga makonzedwe ake onse kuti adzagwirenso ntchito tsiku lina.

Chida chilichonse chimalowa pa tchanelo chakechake. Gain imatchera mphamvu ya mawu olowa, EQ imawonjezera kapena kuchepetsa mawu a besi ndi opyapyala, ndipo fader imakweza kapena kutsitsa tchanelocho. Getsi lofiira likayaka, ndiye kuti mawu apyola muyeso ndipo ayamba kusweka. Maikolofoni a condenser amafuna magetsi a mavoti 48, otchedwa phantom power, odzera mu nthambo ya XLR.

Poyatsa, mikisa imayamba, ampulifaya pomaliza. Pozimitsa, ampulifaya ndiyo imayamba. Izi zimateteza masipika ku kaphokoso kophulika. Kulira kwa tswii, kotchedwa feedback, kumadza maikolofoni ikatola mawu a sipika yomwe ikuwakuza.

Fumbi ndi chinyezi zimachititsa kuti ma fader azikhwekhwereza, choncho mikisa imavindikiridwa ikatha ntchito ndipo zakumwa sizisiyidwa pafupi nayo.