Tebulo la Amayi pa Chionetsero Lidachokera Kutali

Mamembala anzanga, m'kabuku aka muwerenga za matumba a soya ndi mtedza amene tagulitsa pa zaka 10 zimenezi. Ine ndapempha tsamba limodzi kuti tikambeko za tebulo lija limaikidwa kumapeto kwa bwalo tikakhala ndi chionetsero, tebulo la miphika, mikeka, mbaula ndi zoluka. Alipo ena pakati pathu amene amati izo n'zongokometsera tsikulo, kopaletivi ndi ya mbewu basi. Amenewo ndi amene ndikufuna awerenge mofatsa.

Luso loumba m'dziko muno ndi lakale kuposa chimanga chimene timalimachi. Ku Nkope, m'boma la Mangochi, akatswiri ofukula zakale adapeza mapale a miphika youmbidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kudali likulu la a Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi adafukula mapale ambirimbiri pamodzi ndi mikanda ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Pamwambo wathu woumba ndi mayi. Abambo awo adali malichero, madengu ndi zosula, koma nkhali, mphika wa ndiwo, mtsuko wa madzi ndi mbiya ya mowa zimatuluka m'manja mwa amayi. Ndipo sizidali zokongoletsera nyumba. Mayi wodziwa kuumba amasinthanitsa mphika ndi mawere kapena mapira, banja n'kudutsa nazo miyezi ya njala.

Amene mudaonako agogo anu akuumba mukudziwa kuti ntchitoyi sifuna phuma. Dongo amakakumba m'chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe. Kuliponda, kuchotsa timiyala, kuumba, kusalaza ndi chitsononkho, kukulungiza ndi mwala wosalala, kenaka kuumitsa pamthunzi masiku angapo. Ukathamangira kuotcha, mphika umaphulika pamoto. Masiku onsewo amayi amakhala pamodzi, manja ali pa dongo, pakamwa pali nkhani. Wa mwamuna wovuta amanena zake, wa mwana wodwala amapatsidwa nzeru. Ngati mmene zidalili pamtondo paja, pomwe mayi amaimba dandaulo lake mpaka apongozi kulimva ali kuseri kwa nyumba.

Zonsezi zidayamba kutha pang'onopang'ono. Mapoto achitsulo adalanda malo a mphika, zigubu ndi ndowa zapulasitiki zidalanda malo a mtsuko. Chigayo chidatipeputsira ntchito, palibe angakane, komatu chidatenganso bwalo la amayi. Boma lidayesa njira yake. Ku Magomero kumaphunzitsidwa alangizi a ntchito zapakhomo, ku Thuchila alangizi achizimayi a zaulimi, ndipo mu 1985 kudabwera bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi, CCAM. Amayi ambiri adaphunzira kusoka ndi kuluka nthawi imeneyo, ndipo masweta ndi nsalu za patebulo zomwe mumaona pachionetsero chathu mizu yake ili pomwepo. Vuto lake, mwa kuona kwanga, lidali lakuti zochita zimachokera kumwamba. Mayi amauzidwa choti asoke, ndipo mtengo sadali kuika yekha. N'chifukwa chake zinthu zitasintha mu 1994 magulu ambiri adangozilala.

Dongo lidabwereranso kudzera ku vuto la nkhuni. Mu 2013 boma lidalonjeza kuti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni, ndipo mbaula ya Chitetezo, imene magulu a amayi amaumba, idafala m'midzi. Ntchito imene achinyamata amaiyesa ya agogo idayamba kulowetsa ndalama ku banki m'khonde.

Tsono chionetsero chimawonjezerapo chiyani? Ndalama ilipo, inde, koma si yambiri kwenikweni. Chachikulu n'chakuti mayi amaima kumbuyo kwa chinthu chimene wapanga yekha, anthu n'kumufunsa dzina, mudzi ndi mtengo, iye n'kuyankha. Pa thumba la soya nthawi zambiri pamalembedwa dzina la bambo, ngakhale wopalira ndi wopeta adali mayi. Pa mphika palibe angalimbirane. Masabata okonzekera chionetsero ndiwonso amasonkhanitsa amayi amasiye, okalamba ndi ena amene akadangokhala m'nyumba ndi maganizo. Pa ntchito yanga ya ulangizi ndaona kuti mayi amene wagulitsako patebulo lija sachedwa kukweza dzanja pamsonkhano, ndipo ena mwa iwo lero ali m'makomiti athu. Mwina simudalumikize ziwirizi.

Komabe tebuloli lili pa chiopsezo. Madambo amene timakumbamo dongo akulimidwa mpaka m'mphepete, migwalangwa yotipatsa mlaza ikutha, ndipo oumba enieni ambiri ndi achikulire. Atsikana akapanda kukhala nawo pansi m'chilimwe chikubwerachi, pa chaka cha 20 tidzaonetsa ndowa zapulasitiki. M'mabuku a kopaletivi mulibenso mzere wa zaluso, choncho zimene amayi amagulitsa sizioneka paliponse.

Pa msonkhano waukulu wa pachaka, amayi akufuna kubweretsa mfundo ziwiri: kuti zaluso zizilembedwa m'mabuku pa dzina la wopanga, ndiponso kuti tikapemphe mafumu atisungireko malo a dongo ndi odzalapo nsungwi. Abambo, tsikulo mubwere nawo amayi, ndipo khadi la umembala likhale m'manja mwawo.